Fumbi la ku Joni: Mbiri ya Matenda, Tchuthi ndi Chipukuta Misozi m'Migodi ya Golide

Golide wa ku Witwatersrand, amene anapezeka mu 1886 pamalo pamene lero pali mzinda wa Johannesburg, anali ndi zinthu ziwiri zimene zinaumba moyo wa munthu aliyense wolowa mumgodi kwa zaka zoposa 100. Choyamba n'chakuti golideyo anali wochepa kwambiri m'thanthwe, moti pankafunika kuphwanya tani yathunthu ya miyala kuti papezeke magalamu owerengeka, ndipo thanthwe lokhala ndi golidelo linkapendekera pansi, kotero kuti chaka ndi chaka migodi inkazamirazamira. Chachiwiri n'chakuti thanthwelo linali lodzaza ndi quartz, mwala wolimba umene ukabooledwa kapena kuphulitsidwa umatulutsa fumbi la silika, fumbi losalala kwambiri moti maso saliona koma limalowa mpaka m'katikati mwa mapapo. Popeza mtengo wa golide unali woikika kale pa msika wa mayiko ndipo eni migodi analibe mphamvu youkweza, phindu lawo linkadalira kuchepetsa ndalama zogwiritsa ntchito pa antchito, ndipo ndalama zimenezo zinali za malipiro, chakudya, chithandizo cha odwala ndi chipukuta misozi cha olumala. N'chifukwa chake mbiri ya tchuthi cha odwala m'migodi imeneyi inasanduka mbiri ya mmene ululu wa m'thupi unkasankhidwira, wina kulembedwa m'kaundula ndi kulipiridwa, wina kukwezedwa sitima kuti ukamvekere kumudzi.

Ntchito yeniyeniyo inkachitikira m'mipata yokumbidwa motsatira thanthwe, imene nthawi zambiri inali yaifupi moti munthu wamkulu sakanatha kuimirira, ndipo ankagwira ntchito atanjuta, atagwada kapena atagona cham'mbali kwa maola ambiri. M'zaka zoyambirira antchito ambiri akuda ankaboola thanthwe ndi hamala ndi chitsulo chosongoka, ena ankafosholera miyala yophulitsidwa, ena n'kumakankha ngolo zodzaza, pamene makina oboolera oyendera mphepo ankabwera pang'onopang'ono ndi phokoso lake logonthetsa m'kutu komanso kunjenjemera kwake kofooketsa manja. Mgodi ukamazama thanthwe limatentha, ndipo madzi othiridwa kuti aphe fumbi ankasandutsa mpweya kukhala wachinyezi, moti thukuta silinkauma ndipo thupi linkalephera kudziziziritsa. Kuchokera m'ntchito yotere munkatuluka mavuto a mitundu iwiri: ngozi zadzidzidzi, monga kugwa kwa denga la thanthwe kumene kunkathyola misana ndi kudula miyendo, ndi kuwonongeka kwapang'onopang'ono kwa msana, mawondo, makutu ndi mapapo. Bungwe lofufuza la boma lotsogozedwa ndi woweruza Ramon Leon linalemba mu 1995 kuti anthu oposa 69,000 anafera m'migodi ya South Africa m'zaka 93 zoyambirira kuchokera mu 1900, ndipo oposa 1 miliyoni anavulala kwambiri. Chiwerengero chimenechi n'cha ngozi zokha, ndipo amene anaphedwa ndi fumbi mulibemo.

Matenda a fumbi anayamba kuonekera poyera pa azungu, makamaka akatswiri oboola miyala ochokera ku Cornwall ku England, amene ankagwiritsa ntchito makina oboola thanthwe louma popanda madzi ndipo ankabwerera mumgodi utsi wa zophulitsira usanathe. Ambiri mwa iwo ankamwalira asanakwanitse zaka 40. Matendawa, amene madokotala amawatcha silicosis ndipo panthawiyo ankadziwika ndi dzina lakuti miners' phthisis, amayamba fumbi likasiya zipsera m'mapapo, zipserazo n'kuuma mpaka mapapo kulephera kufutukuka, ndipo wodwalayo amayamba kupuma mobanika, poyamba akamakwera chitunda, pambuyo pake ngakhale atakhala pansi. Alibe mankhwala ochiza, ndipo amatsegulira khomo chifuwa chachikulu. Boma la Lord Milner ku Transvaal linakhazikitsa bungwe lofufuza matendawa mu 1902, koma chimene chinakankhira boma ku malamulo chinali mphamvu ya azungu ogwira ntchitowo, amene anali ndi mabungwe awo, mavoti awo ndi sitiraka zazikulu za mu 1907 ndi 1913. Mtsogoleri wawo wina, Tom Mathews, anamwalira ndi matenda omwewa mu 1915. Malamulo a mu 1911 ndi 1912 anachititsa South Africa kukhala dziko loyamba kulipira chipukuta misozi pa silicosis monga matenda obwera ndi ntchito, ndipo lamulo la mu 1916 linawonjezerapo chifuwa chachikulu n'kukhazikitsa ofesi ya madokotala yotchedwa Miners' Phthisis Medical Bureau, imene inkayeza mzungu aliyense wa pansi pa mgodi nthawi ndi nthawi, n'kumujambulanso mapapo ndi X-ray. Mbiri ya dongosololi inafika kutali moti bungwe la International Labour Organization linachititsa msonkhano wake woyamba wa silicosis mu Johannesburg mu 1930, ndipo alendo anabwerera kwawo akukhulupirira kuti vutoli lagonjetsedwa.

Koma azungu anali kagulu kochepa ka anthu olowa pansi, ndipo antchito akuda, amene anali ochuluka kuwaposa kambirimbiri, ankayendera dongosolo lina. Iwo ankalembedwa ndi mabungwe awiri a eni migodi, Witwatersrand Native Labour Association, imene anthu anaitcha Wenela ndipo inkalemba anthu a kunja monga a ku Mozambique, ndi Native Recruiting Corporation ya mu 1912, imene inkalemba a m'dzikomo ndi a m'mayiko a Basutoland, Bechuanaland ndi Swaziland. Kontirakiti yawo sinkawerengedwa ndi miyezi ya pa kalendala koma ndi masiku ogwiridwa, ndipo tsiku lililonse linkachongedwa pa tikiti ya masiku 30, imene ikadzaza munthu ankalandira malipiro ake. Woboola thanthwe ndi hamala amene walephera kufikitsa mainchesi oikika ankapatsidwa tikiti ya ulofa, kutanthauza kuti tsikulo wagwira ulele ndipo silichotsedwa pa masiku a kontirakiti yake, ndipo dandaulo limeneli linamveka kwambiri pa kafukufuku wa madandaulo a antchito akuda amene H. O. Buckle anachita mu 1913 ndi 1914. Lamulo la mu 1911 lotchedwa Native Labour Regulation Act linalamula migodi kukhala ndi zipatala, komanso linasunga mfundo yakuti munthu wakuda wothawa ntchito kapena woswa kontirakiti wapalamula mlandu woti akhoza kumangidwa nawo.

Pamenepa ndi pamene pagona kusiyana kwakukulu pa nkhani ya tchuthi cha odwala. Tchuthi cha odwala, monga chimamvekera masiku ano, ndi nthawi imene wantchito amapuma chifukwa cha matenda koma malipiro ndi malo ake a ntchito zili chikhalire. Kwa munthu wa tikiti m'zaka zimenezo, tsiku logona m'chipatala cha mgodi linali lotayika kawiri, chifukwa silinkabweretsa ndalama ndiponso linkatalikitsa nthawi yokhala kutali ndi banja. Bedi, chakudya ndi mankhwala zinali zaulere, koma mtengo wake unali tsiku losachongedwa. Munthu wanzeru zake, wokhala ndi msonkho woti alipire ndi ana oti aveke, ankaphunzira msanga kubisa kupweteka kwa msana ndi kutsokomola kwa usiku, ndipo ankapita kwa dokotala pokhapokha thupi litakaniratu. Kumbali inayo, madokotala a migodi anali olembedwa ntchito ndi kampani, aliyense ankayang'anira anthu masauzande, ndipo dandaulo losaoneka ndi maso linkakayikiridwa mosavuta kuti ndi ulesi, makamaka popeza dokotala ndi wodwala ankalankhulana kudzera mwa womasulira kapena m'Chifanakalo, chilankhulo cha mumgodi chimene chinapangidwira kulamula ntchito osati kufotokoza za m'thupi. Zotsatira zake, kaundula wa zipatala za migodi ankaonetsa odwala ochepa kusiyana ndi amene analipodi, ndipo kuchepa kumeneko kunkatengedwanso ngati umboni wakuti antchito akuda sadwala kwambiri matenda a fumbi.

Njira yaikulu yodziwira chifuwa chachikulu pakati pa antchito akuda kwa zaka zambiri inali sikelo. Aliyense ankayezedwa kulemera kwake nthawi ndi nthawi, ndipo amene watsika kwambiri ankatumizidwa kwa dokotala kuti akamvetsere chifuwa chake. Njira imeneyi inkagwira matenda atafika kale patali, ndipo silicosis yongoyamba kumene sikanatha kuigwira n'komwe. Zithunzi zazing'ono za X-ray zojambula anthu ambiri nthawi imodzi zinayamba kufala cha m'ma 1950, patapita zaka zoposa 30 azungu akujambulidwa.

Anthu a ku Nyasaland analowa m'dongosolo limeneli mu 1903, dzikolo likadali kutchedwa British Central Africa, pamene boma la atsamunda linalola Wenela kutenga gulu loyamba loyeserera. Chimene chinawapha msanga sichinali fumbi koma chibayo, chifukwa ankafika kudziko lozizira atatopa ndi ulendo, ankagona mothithikana m'zipinda za kompaundi, ndipo ankatuluka m'mgodi wotentha n'kudikira chikepe mumphepo yachisanu zovala zili zonyowa. M'zaka zina, pa anthu khumi alionse ochokera kumpoto, mmodzi kapena kuposa ankamwalira chaka chisanathe. Mu 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba anthu ochokera kumpoto kwa mzere wa madigiri 22 kumwera kwa equator, ndipo chaka chomwecho eni migodi anaitana William Gorgas, dokotala wa asilikali a ku America amene anatchuka pogonjetsa matenda pa ntchito yokumba ngalande ya Panama, yemwe analangiza kuti antchito asamagonekedwe mothithikana. Chiletsocho sichinaletse ulendo wa ku Joni, popeza ambiri ankapitabe a selufu, kutanthauza odzilipirira okha ulendo popanda kontirakiti ya Wenela, ndipo ena mwa iwo ankalembetsa mayina ndi midzi ya ku Mozambique kuti alandiridwe, chinthu chimene chinathandiza tsiku limenelo koma chinafafaniza umboni wa ntchito yawo kwa zaka zonse zotsatira. Chiletsocho chinafewetsedwa m'zaka za m'ma 1930, ndipo kuyambira m'ma 1950 Wenela inali ndi ndege zake zonyamula anthu kuchokera ku Nyasaland kupita ku Francistown, kumene ankakwera sitima ya ku Johannesburg. Dzina la Wenela linatsalira mpaka lero pa malo okwerera mabasi mumzinda wa Blantyre.

Pamene migodi inkazama, eni ake anayambitsa mayeso a kupirira kutentha, amene dokotala Aldo Dreosti anawayamba pa mgodi wa City Deep kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930. M'kupita kwa nthawi mayesowa anasanduka masiku angapo ozolowetsa thupi, pamene anthu atsopano ankaikidwa m'chipinda chotentha ndi chachinyezi, ali maliseche kapena pafupifupi maliseche, n'kumakwera ndi kutsika pa chipika kwa maola anayi kwinaku akuyezedwa kutentha kwa thupi. Mayesowa anachepetsadi imfa zobwera ndi kutentha, ndipo zimenezo siziyenera kukanidwa, koma amasonyezanso maganizo a dongosolo lonselo, amene anali kusankha ndi kuumba thupi loyenera mgodi m'malo moumba mgodi woyenera thupi. Luso lalikulu la udokotala linathera pakhomo lolowera, pofuna kutsimikiza kuti wolowa ndi wamphamvu, ndipo pakhomo lotulukira panatsala lochepa.

Wantchito wakuda akapezeka ndi chifuwa chachikulu kapena silicosis, kapena akalumala moti sangabwerere pansi, njira inali imodzi, yomubweza kwawo. Ankasungidwa m'chipatala mpaka atapezako mphamvu zoyendera, ankadutsa pa chipatala cha Wenela mu Johannesburg, ndipo ngati madokotala avomereza kuti matenda ake ndi olipiridwa ankapatsidwa ndalama za kamodzi n'kamodzi. Mzungu wodwala matenda omwewo ankalandira ndalama zochuluka kwambiri, ndipo matenda akakula ankakhala ndi penshoni, mwayi woyezedwanso ndi chipatala chapadera cha Springkell. Eni migodi ankateteza kusiyana kumeneku ndi mfundo ziwiri. Yoyamba inali yakuti munthu wakuda ali ndi munda ndi abale kumudzi, kotero malipiro ndi chipukuta misozi n'zongowonjezera pa zimene ali nazo kale. Yachiwiri inali yakuti kontirakiti zazifupi zimamuteteza ku fumbi, popeza amapuma kumudzi asanabwererenso. Mfundo yachiwiriyi inali ndi choonadi pang'ono, chifukwa silicosis imadaliradi kuchuluka kwa fumbi limene munthu wapuma pa moyo wake wonse, koma inkabisa chinthu chachikulu: matendawa amatha kuonekera patapita zaka 10 kapena 20, ndipo amapitiriza kukula ngakhale munthu atasiya ntchito kalekale. Amene ankadwala ali kumudzi sankawerengedwa ndi aliyense.

Kunena zoona, mudzi ndiwo unali tchuthi cha odwala ndi penshoni ya olumala ya migodi ya golide, ndipo amene ankalipira anali akazi. Mwamuna wobwera ndi chifuwa sankatha kugwira khasu nthawi ya dzinja, ankafunika womutungira madzi ndi womuphikira, ndipo nthawi zambiri ankapatsira matendawo mkazi ndi ana ogona naye nyumba imodzi. Wolemba mbiri Randall Packard anasonyeza m'buku lake la mu 1989, White Plague, Black Labor, mmene kubweza odwala kunafalitsira chifuwa chachikulu m'midzi ya kumwera kwa Africa imene kale sichinali chofala. Wobwera ndi msana wothyoka anali pa vuto loposa, chifukwa njinga ya olumala siyenda bwino m'tinjira ta kumudzi ndipo zilonda za pogona zimafuna chisamaliro chimene chipatala chaching'ono chapafupi sichikanapereka. Komiti ya boma la Nyasaland yotsogozedwa ndi Travers Lacey inadandaula mu 1935 za midzi yotsala yopanda amuna ndi za machona, anthu opita osabwerera, koma boma lomwelo linkafuna ndalama za msonkho ndi ndalama zosungidwa za antchito, zimene zinali mbali ya malipiro imene inkalipiridwa munthu atafika kwawo, ndipo silinamange dongosolo loyezera mapapo a obwerera.

Antchito okha sanakhale chete. Mu Ogasiti 1946 bungwe la African Mine Workers' Union, lotsogozedwa ndi J. B. Marks, linachititsa sitiraka ya anthu masauzande ambiri ofuna mashilingi 10 pa tsiku pamene ankalandira osafika atatu, koma apolisi anaithetsa ndi mfuti ndi zibonga m'masiku ochepa, ndipo bungwelo linafa. Katswiri wa zachuma Francis Wilson anapeza pambuyo pake kuti mphamvu yogulira zinthu ya malipiro a antchito akuda sinakwere pakati pa 1911 ndi 1969. Malamulo a matenda a fumbi anasinthidwa kangapo, mu 1946, mu 1956 ndi mu 1973, ndipo lomalizali, lotchedwa Occupational Diseases in Mines and Works Act, linasungabe chipukuta misozi chosiyana potengera khungu mpaka chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Lamuloli limapatsa aliyense amene anagwirapo mumgodi ufulu woyezedwa ngakhale atasiya ntchito, ndipo limalola kuti munthu akamwalira mtima ndi mapapo ake zitumizidwe ku Johannesburg kuti zikapimidwe, banja n'kulandira ndalama ngati matenda apezeka. Pa pepala ufulu umenewu unali wa onse, koma banja la ku Mzimba kapena ku Dedza silikanadziwa za lamuloli, silikanapeza dokotala wochotsa ziwalozo, ndipo mwina silikanalola kuti m'bale wawo aikidwe m'manda thupi lili losakwanira.

Chiwerengero cha Amalawi m'migodi chinafika pachimake chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, pamene chinaposa 100,000. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa itangonyamuka ku Francistown n'kupha Amalawi 74 obwerera kwawo, ndipo Dr. Hastings Kamuzu Banda anaimitsa kulemba anthu. Kulemba kunayambiranso mu 1977 pansi pa dzina latsopano la TEBA, koma ndi anthu ochepa, ndipo kunatha kuyambira mu 1988 pa mkangano wa kuyeza HIV, pamene Amalawi pafupifupi 13,000 anabwezedwa kwawo m'zaka zotsatira, nkhani imene Wiseman Chijere Chirwa anailemba mwatsatanetsatane. Kuchoka kwa Amalawi mu 1974, pamodzi ndi kukwera kwa mtengo wa golide ndi ufulu wa Mozambique mu 1975, kunachititsa eni migodi kukweza malipiro ndi kusunga antchito omwewo kwa zaka zambiri. Mfundo yakale yakuti kontirakiti zazifupi zimateteza mapapo inatheratu pamenepo, chifukwa tsopano anthu ankapuma fumbi zaka 20 kapena kuposa, ndipo HIV itafika inakumana ndi mapapo ovulala kale, chifuwa chachikulu n'kufala m'migodi kuposa pafupifupi malo ena alionse pa dziko lapansi.

Bungwe la Leon linanena kuti panalibe umboni wakuti fumbi m'migodi linachepa pa zaka pafupifupi 50, ndipo lipoti lake linabala lamulo latsopano la umoyo ndi chitetezo m'migodi mu 1996. Nthawi yomweyo ofufuza anachita chimene dongosolo lakale silinachitepo, kupita kumidzi kukayeza amene anabwerera. Ku Thamaga m'dziko la Botswana ndi ku Libode ku Eastern Cape anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi, kapena kuposa pamenepo, anali ndi matenda a fumbi m'mapapo, ndipo ambiri anali asanalandire kalikonse kapena analandira zoperewera.

Khomo la makhoti linatsegulidwa ndi Thembekile Mankayi, amene anagwira ntchito pansi pa mgodi wa AngloGold, nalandira R16,320 monga chipukuta misozi cha mapapo ake, kenako nasumira kampaniyo kufuna R2.6 miliyoni. Khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko la South Africa linagamula pa 3 Malichi 2011 kuti wantchito wa mumgodi wolipiridwa pansi pa lamulo la 1973 ali ndi ufulu wosumiranso kampani, koma Mankayi anali atamwalira masiku ochepa chigamulocho chisanaperekedwe. Mlandu wa gulu lonse la odwala unavomerezedwa ndi khoti la ku Johannesburg mu Meyi 2016, ndipo mu 2018 makampani asanu ndi imodzi, African Rainbow Minerals, Anglo American South Africa, AngloGold Ashanti, Gold Fields, Harmony ndi Sibanye-Stillwater, anagwirizana ndi maloya a antchito kupereka pafupifupi R5 biliyoni. Khoti linavomereza mgwirizanowo mu Julayi 2019, ndipo ndalamazo zimagawidwa ndi thumba lotchedwa Tshiamiso Trust kwa odwala silicosis kapena chifuwa chachikulu chobwera ndi ntchito, kapena kwa mabanja a omwalira, posayang'ana dziko limene munthu amachokera.

Mgwirizanowu umakhudza okhawo amene anagwira ntchito m'migodi ya makampani amenewa pakati pa 12 Malichi 1965 ndi 10 Disembala 2019, kotero mibadwo yonse ya Wenela imene inamaliza kontirakiti zake 1965 isanafike ili kunja, ndipo ululu wa msana, wa mawondo ndi kugontha sizili mbali yake. Amene ali m'kati ayenera kusonyeza umboni wa mgodi umene anagwirako ndi zaka zake, kenako kujambulidwa mapapo ndi kuyezedwa mphamvu ya kupuma kwawo, ndipo ngati munthuyo anamwalira, banja liyenera kupereka chikalata chosonyeza chimene chinamupha. Kwa Amalawi chofunika chomalizachi n'cholemera kwambiri, chifukwa ambiri mwa amene anabwerera mu 1974 kapena mu 1988 anamwalirira m'midzi mwawo popanda dokotala wolemba chifukwa cha imfa, ndipo lamulo lokakamiza kulembetsa imfa iliyonse m'Malawi, limene linakhazikitsidwa mu 2010, linayamba kugwira ntchito mu 2015.